Kwa a gulu la ku Zolozolo: ndalama za mbaula zimatsata sikelo

Achimwene, mwafunsa komwe gulu lanu la achinyamata ku Zolozolo lingapeze thandizo la boma lochepetsera mpweya wotenthetsa dziko, kuti mugawe mbaula, mupange ma briquette (makala oumba kuchokera ku utuchi kapena zinyalala zina) ndi kuika mapampu a sola. Ndiyankha za mbaula, ndi pang'ono za ma briquette.

Amene akukuuzani kuti mungopita ku khonsolo kukatenga fomu akutayitsani nthawi. Mu 2021 dziko la Malawi linalonjeza kuchepetsa mpweyawu ndi 51 peresenti pofika 2040, koma 6 peresenti yokha ndiyo ya m'thumba mwathu. Yotsalayo, 45, ikudalira ndalama zakunja. Choncho ndalama zambiri zimangodutsa m'manja mwa boma. Za Green Climate Fund, thumba la mayiko lothandiza pa kusintha kwa nyengo, zimadzera ku Environmental Affairs Department ku Lilongwe, ndipo zimapita ku mabungwe akuluakulu ovomerezedwa kale, gulu la m'dera silingazifikire lokha. Khomo la msinkhu wanu ndi GEF Small Grants Programme, ndondomeko ya UNDP (nthambi ya chitukuko ya United Nations) yopereka ndalama ku magulu ang'onoang'ono, yomwe kwa zaka zambiri malire ake anali madola pafupifupi 50,000 pa pulojekiti imodzi. Amalengeza nthawi yofunsira, ndiye mapepala akhale okonzeka kale: satifiketi ya kulembetsa kwa gulu, malamulo a gulu, akaunti ya ku banki ya dzina la gulu yosainira anthu awiri kapena atatu, ndi kalata yochokera ku ofesi ya zankhalango kapena ya zachilengedwe. Lembaninso zomwe gululo liikepo, monga njerwa, dongo ndi ntchito ya manja anu. Munthu akakupemphani ndalama kuti "akukankhireni" pulopozo, ameneyo ndi wakuba. Kufunsira thandizoli salipiritsa.

Pomwe magulu ambiri amagwera ndi pa manambala. Kulemba kuti "tigawa mbaula 500" sikunena kanthu za mpweya. Wopereka ndalama amafuna matani, ndipo matani amachokera pa sikelo. Musanagawe mbaula ngakhale imodzi, gulani sikelo yopachika, sankhani mabanja osachepera 30 mwa maere, osati anzanu, ndipo muyeze nkhuni kapena makala omwe banja lililonse likugwiritsa ntchito kwa masiku atatu otsatizana. Pewani masiku a maliro, ukwati kapena kuphika thobwa. Lembani chiwerengero cha anthu odya pakhomopo. Mbaula zikatha mwezi zikugwira ntchito, bwererani ku mabanja omwewo mukayezenso. Tani imodzi ya nkhuni zouma ikapsa imatulutsa matani pafupifupi 1.7 a mpweya wa kaboni (carbon dioxide). Banja lotentha makilo 8 patsiku limatha matani pafupifupi atatu pachaka, ndipo mbaula ikapulumutsa gawo limodzi mwa atatu mwasunga tani imodzi ya nkhuni. Koma sadzakuwerengerani zonsezo, amachotsako gawo la mitengo yomwe imaphukiranso. Ku Zolozolo ambiri amaphikira makala, ndiye dziwani kuti kilo imodzi ya makala a uvuni wa dothi imadya makilo 6 a mitengo kapena kuposa.

Musakokomeze ngakhale pang'ono. Mu 2024 bungwe la Verra, lomwe limalembetsa mapulojekiti a kaboni, linafafaniza ma credit a kaboni (ziphaso zogulitsidwa zosonyeza mpweya wochepetsedwa) oposa 5 miliyoni a kampani ya C-Quest Capital, itadziwika nkhani yoti manambala a mbaula zake anasinthidwa, ndipo zina mwa mbaulazo zinali za kuno ku Malawi. Kuyambira pamenepo ogula ndi opereka ndalama amakayikira pulojekiti iliyonse ya mbaula. Amafuna nambala ya mbaula iliyonse, malo ake pa GPS, dzina la mwini ndi chithunzi. Akabwera n'kupeza mayi akuphikirabe pa mafuwa atatu pomwe mbaula yanu akuikiramo nkhuku yoikira mazira, pulojekiti yathera pomwepo. Mabanja ambiri amagwiritsa ntchito zonse ziwiri, makamaka pophika nyemba, ndiye zimenezo muzilembe momwe ziliri.

Za kugulitsa kaboni nokha iwalani kaye. Credit imodzi ndi tani imodzi, ndipo ya mbaula nthawi zambiri imagulidwa madola ochepa chabe, mwina 3 mpaka 10, pomwe kulembetsa ku Verra kapena ku bungwe lina lotere la Gold Standard ndi kulipira oyendera kumadya madola masauzande makumi angapo. Mbaula 500 sizingabweze ndalama zimenezo. Mukalowa pansi pa kampani yomwe inalembetsa kale, werengani bwino mgwirizano: kaboniyo akhala wa ndani, kwa zaka zingati, gulu lilandira zingati pa tani, ndipo mbaula ikasweka akonza ndani. Mbaula imodzi siingawerengedwe kawiri, ndiye fufuzani ngati m'deralo simunagawidwe kale ndi bungwe lina.

Mtundu wa mbaula nawo muusankhe mwanzeru. Chitetezo Mbaula ndi ya nkhuni, ndipo kuno ku Mzuzu vuto lake ndi chinyezi. Ikaumbidwa iume pamthunzi milungu itatu kapena kuposa isanalowe mu uvuni, apo ayi imang'aluka. Umbani kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, osati nthawi ya mvula yathu yosatherapo ija. Kwa a kumidzi yozungulira mzinda, kaoneni Changu Changu Moto ya Ripple Africa ku Nkhata Bay. Imamangidwa ndi njerwa ndi matope m'khitchini momwemo, palibe choti n'kunyamula kukagulitsa, ndipo ikawonongeka mwini wake amaimata yekha. Banja la makala mukalipatsa mbaula ya nkhuni, mudzaipeza kuseri kwa nyumba.

Ma briquette amafuna utuchi, ndipo ocheka matabwa ali nawo wambiri. Koma utuchi wa paini wosatenthedwa umachita utsi, ndiye uyambe wasandutsidwa makala, kenako muusakanize ndi phala la ufa wa chinangwa, gawo limodzi pa magawo khumi kapena kucheperapo. Mu bajeti muikemo shedi yowumitsira, chifukwa mu Juni ndi Julayi kuno saumira panja, amachita nkhungu n'kumaphwanyika m'thumba. Musanalembe pulopozo, pitani ku Mzuni ku dipatimenti ya zamphamvu mukapemphe kuti akuyezereni mbaula ndi ma briquette anuwo, ndipo zotsatira zake muziphatikize ku mapepala anu.