Dzina mwasintha, koma khoma lija musalifufute msanga

Imelo yake yandipeza Lachiwiri usiku ndili pakhonde, ndikuthawa kutentha kwa m'nyumba. Mayi wina amene amayendetsa kasukulu kophunzitsa kujambula, kusema ndi magule cha ku Monkey Bay akuti bodi yawo yasintha dzina la sukulu. Tsono akufunsa ngati logo yakale aitaye, komanso kuti malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka yatsopanoyo awalembe bwanji. Ndinawerenga kawiri, foni n'kuiika pansi. Mayi, funso lanuli landigunda pachilonda, ndiye mundipirire, ndiyamba ndi zanga.

Ine ntchito yolemba zikwangwani ndinaiphunzira kwa bambo wina wachikulire konkuno ku Mangochi boma. Tinkawatchula kuti amalume ngakhale panalibe ubale. Penti ankasakanizira m'kachitini ka mkaka, bulashi n'kumapukutira pabondo la thalauza, moti bondo limenelo linali louma gwaa ngati chikopa. Iwowo ndi anzawo awiri adayambitsa kagulu kophunzitsa achinyamata kujambula m'nyumba ya lendi, ndipo pakhoma loyang'ana kumsewu amalume adajambulapo chambo chachikasu pamwamba pa buluu. Diso lake linali lalikulu kuposa mutu wake, mchira utapindikira m'mwamba. Dzina la gululo linalembedwa m'munsi mwake, koma palibe ankalitchula. Wakabaza ukamuuza kuti "pa nsomba paja", ankangopalasa osafunsanso.

Patapita zaka kunabwera bungwe lina lofuna kutithandiza. Linati gululo lilembetsedwe ngati sukulu, likhale ndi dzina lomveka kwa anthu akunja. Nthawi imeneyo n'kuti nditangobwera kumene kuchokera ku Blantyre komwe ndinaphunzira kujambula pakompyuta, ndiye ntchito ya chizindikiro chatsopano inagwera ine. Masiku awiri okha ndinali nditamaliza: dzuwa, mafunde, bulashi, ng'oma, mitundu isanu ndi iwiri yolowerana. A bodi anaombera m'manja. M'mawa mwake ndinatenga rola ndi ndowa ya penti yoyera n'kupita pakhoma paja. Amalume anakhala pansi pa mtengo wa mango, manja ali pamawondo, akundiyang'ana. Nditamaliza kupaka kachiwiri anadzuka, anayandikira khoma, anangoti, "Wapaka bwino, sikuonekera." Chaka chotsatira anatisiya. Chithunzi cha nsomba ija ndilibe ngakhale chimodzi. Sindinaganize zoijambula, sindinawafunse n'komwe, ndipo mpaka lero ndikadutsa pamenepo ndimayang'ana kumbali.

Logo yangayo sinachedwe kutionetsa mavuto. Titapangitsa chidindo, mitundu yonse ija inasanduka chibulunga chakuda chimodzi, moti pa lisiti pankaoneka ngati pagwera inki. Wosindikiza malaya ku Limbe anatiuza kuti mtundu uliwonse uli ndi mtengo wake, ndiye tinangosankhapo itatu. Wa ofesi ankaitumiza pa WhatsApp, wolandira n'kutumiziranso wina, ikamafika kwa wosindikiza satifiketi ili mbuu, yokokedwa m'mbali, dzuwa lija litasanduka dzira. Pofika tsiku lopereka masatifiketi tinali ndi ma logo asanu osiyana pamalo amodzi: pa tenti, pa malaya, pa chikwangwani, pa pulogalamu ndi pa satifiketi. Alendo ochokera kutali akatchula dzina latsopano pa depoti, akabaza ankayang'anana. Tinkachita kuwaimbira kuti anene kuti pa nsomba, pomwe nsombayo panalibenso.

Komatu tili m'tauni yoti nkhani yosintha dzina timayenda nayo tsiku lililonse. Mangochi yemweyu ankatchedwa Fort Johnston, dzina la Harry Johnston, monga momwe Nsanje inalili Port Herald, Mchinji Fort Manning, Chitipa Fort Hill. Maina amenewo anapita ndipo anayenera kupita. Koma nsanja ya wotchi ija pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, yomwe inamangidwa mu 1903 pokumbukira Queen Victoria, ikadalipo, ndipo ndi pomwe timalondolerana njira. Dzina limasinthidwa pa msonkhano umodzi, koma chimene diso la munthu linazolowera sichimvera mamineti a msonkhano.

Taonani za mpira. Timu imodzi yomweyo yakhala Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, malinga ndi amene akuithandiza. Sapota sanasocherepo, chifukwa makaka ofiira ndi oyera sanasunthe, ndipo pakamwa pa anthu ndi Maule basi. Polytechnic inasanduka MUBAS mu 2021, koma mu minibasi ya ku Blantyre anthu akutsikabe "pa Poly". Ndiye pali mbendera. Mu 2010 boma linachotsa dzuwa lofiira lotuluka lija n'kuika dzuwa loyera lathunthu pakati, mizere n'kuisinthanitsa. Mu 2012 nyumba ya malamulo inabwezeretsa ya 1964. Ngati dziko lathunthu linabwerera pa chizindikiro chake patangotha zaka ziwiri, kuli bwanji kasukulu kodalira makolo a m'mudzi kuti akadziwe? Inde, alipo amene amafufuta zonse n'kupambana. Celtel itakhala Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010, magolosale m'misewu monse anapakidwa penti yatsopano, wailesi ikulengeza usana ndi usiku. Koma amenewo ali ndi ndalama zopakira dziko lonse. Inu ndi ine tili ndi khoma limodzi.

Ndipo apa ndinene mosapsatira. Sukulu ya zaluso yomwe yatenga logo yake pa intaneti, kapena yalipira munthu amene sanapondepo pakhomo pake, yadzinyoza yokha. Muli ndi ana amene tsiku lonse akugwira makala ndi pensulo, ena akusema, ena akuvina beni. Mukawauza kuti luso lawo ndi lamtengo wapatali, kenako chizindikiro cha pa malaya awo n'kuchokera pa Canva, tsamba la pa intaneti la zithunzi zokonzedwa kale, chomwecho chimene saluni ina ku Lilongwe ikugwiritsanso ntchito, mwawaphunzitsa chiyani? Poyamba ndinkati izi zimatengera thumba la sukulu. Panopa ndikuti ayi, palibe chowiringula. Chijambulidwe pamanja ndi wophunzira kapena mphunzitsi wanu, wakompyuta adzangochiyeretsa. Ndipo musathamangire dzuwa, mlambe ndi bwato zonse pamodzi, poti malo ogona alendo kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear adadzaza kale zimenezo pa zikwangwani zawo. Sankhani chinthu chimodzi, choti mwana wa sitandade 3 angachijambule pamchenga atangochiona kamodzi.

Tsopano ku funso lanu, mayi

Yakaleyo musaitaye yonse. Imani pachipata mufunse akabaza, amayi ogulitsa mandasi ndi makolo kuti sukulu yanu amailozera bwanji. Chimene atchulecho, kaya ndi mtundu wa khoma, kaya ndi kachithunzi, chilowe m'chatsopanocho. Kwa chaka chathunthu lembani dzina lakale m'munsi mwa latsopano ndi zilembo zazing'ono, kuti "kale inkatchedwa chakuti". Amene adatenga satifiketi ya dzina lakale muwakonzere kalata yodinda yotsimikiza kuti sukulu ndi yomweyo, chifukwa akakafunsira ntchito adzafunsidwa.

Za malamulo

Asapitirire masamba awiri. Buku lalikulu limakathera m'kabati, pomwe pepala limodzi mutha kulimata pakhoma la ofesi n'kupatsako aliyense wosindikiza. Muikemo logo ya mitundu, ya yakuda yokha, ndi yoyera yoika pa nsalu yakuda. Mitundu isapose itatu, ndipo uliwonse ulembedwe ndi manambala ake, a CMYK osindikizira papepala ndi a RGB a pafoni ndi pakompyuta, chifukwa "buluu wa nyanja" aliyense ali ndi wake. Wolemba chikwangwani manambalawo samuthandiza, iyeyo mupatseni kathabwa kopakidwa kale pentiyo kuti azifananitsa. Dziwaninso kuti dzuwa la kuno limadya penti yofiira msanga kuposa ina, ndiye ngati mwasankha yofiira konzekerani kumapakanso.

Munene kuchepa kwake komwe singapitirire, ndi mpata woisiyira m'mbali monse kuti ma logo a othandiza asaipanikize pa chinsalu. Mujambulemo zitsanzo zitatu za zoletsedwa: yokokedwa, yosinthidwa mtundu, yoikidwa pamwamba pa chithunzi chodzaza zinthu. Zilembo musankhe mtundu umodzi kapena iwiri yaulere, monga ya pa Google Fonts, ndipo muyese kaye ngati ili ndi ŵ, poti ambiri timalemba Malaŵi ndipo mitundu ina ya zilembo imangoikapo kabokosi. Wokukonzeraniyo akupatseni fayilo ya SVG kapena PDF yomwe siphwanyika mukaikuza, osati JPG yokha, ndipo muisunge pa imelo ya sukulu ndi pa fulashi, osati pafoni ya munthu mmodzi. Potumiza pa WhatsApp muzitumiza ngati document. Musanavomereze chilichonse, pangitsani chidindo ndipo muchite fotokope kawiri motsatizana. Ikapulumuka pamenepo ndiye kuti yakhwima.

Wojambulayo, ngakhale ali wophunzira wanu, mumulipire ndipo musainirane kuti umwini wapita ku sukulu. Za umwini wa zaluso a COSOMA angakuunikireni, ndipo chizindikiro chimalembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa zizindikiro za malonda. Tsiku losinthira likhale limodzi pa zonse: chikwangwani, chidindo, malisiti, tsamba la Facebook, ndi dzina limene limatuluka kholo likamalipira fizi pa Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa likaona dzina lachilendo limaopa kuti laberedwa.

M'kalata mwanu simunanene kuti logo yakaleyo adajambula ndani. Ngati ali moyo, pitani kwawo musanagule penti, mukhale nawo pansi, muwaonetse zatsopanozo, ndipo ngati dzanja likadali lolimba muwapemphe kuti mzere woyamba pakhomapo alembe okha. Khomalo mulijambule chithunzi m'mawa dzuwa lisanakwere, musindikize, mupachike mu ofesi. Chithunzi chimenecho munditumizireko pa imelo yomweyi, ndikufuna ndichione.