Akutuluka ku Chichiri mu Okutobala: abwerere kumudzi kapena akhale m'tauni?

Mayi wina wa ku Ndirande wanditumizira imelo. Akuti mng'ono wake watha zaka 4 kundende ya Chichiri atavulaza mnzake pa mkangano wa malire a munda. Mwamuna wa mng'onoyo adakwatira kwina, ana awiri ali ndi agogo awo kwa Kuntaja. Akufunsa kuti, "Ndimusunge kuno kwanga, kapena abwerere kumudzi komwe anthu sadaiwale?"

Achemwali, ine ndikuti apite kumudzi. Koma inuyo mutsogoleko iye asanatuluke.

Nkhani yaikulu ndi munda. Ambiri kuno kumwera ndife a chikamwini, malo amayenda kuchikazi, choncho kuchoka kwa bamboyo sikumulanda mng'ono wanu ndime yake. Koma munda sugona zaka 4 osalimidwa. Alipo amene akuulima, ndipo nthawi zambiri ndi wachibale yemwe simungamukalipire. Pitani kwa amalume anu, eni mbumba, mukagwirizane pamaso pa abale kuti ndime yakuti ibwerera kwa mwini wake. Okutobala ndi nyengo yogalauza. Akaphonya mvula yoyamba, chaka chonse adzakhalira ganyu, ndipo munthu wochokera kundende amakhala womaliza kuitanidwa pa ganyuyo. Ku Ndirande kuli chiyani chake? Mphasa m'chipinda chanu cha lendi basi, ana ali kutali.

Mukachoka kwa amalume, mupite nawo kwa amfumu. Boma lidamulanga, inde, koma banja la wovulazidwa uja mwina silidamvepo mawu opepesa kuchokera kwanu. Sindikunena zolipanso mlandu ayi, chilango adagwira chatha. Ndikunena zokhala pansi mabanja awiri, kuti tsiku lokumana pa mjigo lisakhale loyamba kuonana.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti mwamuna akatuluka, anthu amati "wabwera", mawa ali pabawo. Mkazi dzina lake limasanduka "mkaidi uja". Pamaliro samupatsa mthiko, ku banki m'khonde amati mamembala akwana. Izi zimapha munthu kuposa njala. Mupezereni mayi mmodzi wolemekezeka, kaya wa Mvano kaya wa Dorika, woti azimutenga popita kumaliro ndi kuchigayo. Ndipo wina akayamba kumunena za ufiti, dziwani kuti lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, nkhaniyo mutha kupita nayo kupolisi.

Ngati amamwa ma ARV kapena mankhwala a TB, asatuluke wopanda buku lake la kuchipatala ndi kalata yomusamutsira kuchipatala cha kufupi ndi kwanu. Onaninso chiphaso chake cha unzika, poti popanda icho ngakhale simu khadi salembetsa. A bungwe loona za ufulu wa anthu la CHREAA konkuno ku Blantyre amathandiza pa nkhani za ufulu wa akaidi, ndipo a Prison Fellowship Malawi ali ndi malo ku Balaka ophunzitsirako ntchito zamanja anthu omwe akubwerera kwawo. Kafunseni.

Za ana musafulumire. Mwana wamng'onoyo atha kumuthawa, n'kumathamangira kwa agogo. Muuziretu mng'ono wanu kuti asadzalire pamaso pake, ndipo ana azigonabe kwa agogo masabata oyambawo.

Tsiku lotuluka mukakhale pachipata m'mawa, mutanyamula chitenje chatsopano, nsapato ndi ndalama ya minibasi ya anthu awiri. Agone kwanu usiku umodzi, asambe, adye nsima ya pakhomo. Kukacha mukwere limodzi, ndipo polowa m'mudzi muyende naye pamsewu waukulu, dzuwa lili pamutu.