Achemwali, kagoneni ku Soweto ndipo mukayende pansi

Achemwali, ndaona funso lanu. Mwati makolo akubwera kuchokera kumudzi mu Disembala, mukufuna akaone Soweto, koma simukudziwa ngati mukagone nawo m'gesitihausi ya konko masiku awiri n'kuyenda pansi ndi woperekeza alendo, kapena mungokwera basi ya alendo, kuzungulira maola atatu n'kubwerera ku Randburg. Ndawerenganso amene akukuopsezani m'munsimu kuti uko n'kwa zigawenga ndipo ife akunja satifuna. Ine njira zonse ziwiri ndinaziyesa, ndiye mundipirire, ndilemba motalikirapo.

Kagoneni konko. Mukayende ndi mapazi anu, patsogolo pakhale munthu wobadwira m'lokeshonimo.

Choyamba, mukamawauza mayi ndi bambo musatchule mawu oti resitihausi, mungawadetse nkhawa, paja mukudziwa mbiri ya maresitihausi ena a kwathu kuja. Zimene ndikunenazi ndi nyumba za anthu. Kumene ndinagona ndi bambo anga ku Orlando West inali imodzi mwa nyumba zakale zija za zipinda zinayi zimene boma la tsankho linkamanga zofananafanana ngati mabokosi a machesi, koma eni ake anawonjezera zipinda kuseri, n'kumanga mpanda ndi geti. Mwini wake ndi mayi wachikulire, mphunzitsi wopuma ntchito. Anatilandira yekha pageti, n'kulanda chikwama cha bambo m'manja. Atamva kuti ndife Amalawi anawomba m'manja n'kutitcha maNyasa, dzina limene akuluakulu a kuno amatidziwa nalo kuyambira kale. Anati ali mtsikana ku Meadowlands, amene ankasoka mayunifolomu a mumsewu wawo wonse anali telala wa kwathu, anakwatira konko, anamwalira konko. Bambo anga anangoti zii. Mkulu wawo anapita ku Wenela, kukagwira ntchito kumigodi ya kuno, ali mnyamata, kalata zinabwera ziwiri kapena zitatu, basi, mtchona mpaka lero. Usiku umenewo anacheza ndi mayi aja mpaka tiyi kuzizira m'makapu, Chingerezi chothyokathyoka, Chizulu pang'ono, manja n'kumathandiza. Zoterezi pawindo la basi simungazipeze.

M'mawa mumadzuka ndi mahutala a matakisi, tsache likukwecha pakhomo la aneba, ana akuitanizana Chisutu ndi Chizulu. Pakona pali mayi wokazinga amagwinya, amene ndi mandasi athu omwe aja koma akuluakulu. Bambo anayang'ana uku ndi uku n'kunena kuti: “Kodi si ku Ndirande kuno?” Mantha amene anabwera nawo anathera pakhonde pomwepo.

Wotiperekeza anatitenga 8 koloko. Ndi mnyamata wa konko, ndipo agogo ake anali m'gulu la anthu amene anasamutsidwa mokakamiza ku Sophiatown kuyambira mu 1955 n'kukatayidwa ku Meadowlands. Anayamba n'kutiuza kuti dzina loti Soweto si Chizulu ayi, ndi chidule cha South Western Townships, ndipo linakhazikitsidwa mu 1963. Kenako tinalowa mumsewu wa Vilakazi, umene aliyense amaufuna chifukwa munakhala anthu awiri olandira mphoto ya mtendere ya Nobel, Desmond Tutu mu 1984 ndi Nelson Mandela mu 1993. Nyumba ya Mandela ndi nambala 8115, kanyumba ka njerwa zofiira komwe analowa mu 1946, ndipo atatuluka m'ndende mu 1990 anabwereramo masiku 11 okha. Lowanimo ndithu, zipsera za zipolopolo zikuonekabe pakhoma. Koma ndikuuzeni zoona, msewu umenewu uli ndi phokoso, malo odyera, ogulitsa ziboliboli, ovina ofuna ndalama. Mukathera pamenepo mubwerera mukuganiza kuti Soweto ndi msika wa alendo.

Pamene panandigwira mtima ndi pamphambano ya misewu ya Moema ndi Vilakazi, poti basi imangodutsapo. Mnyamata uja anatiimika n'kutiuza kuti tiyang'ane komwe kunkachokera ana asukulu pa 16 Juni 1976, akukana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans, ndi komwe anaima apolisi. Cha pamenepa ndi pamene anawombera Hector Pieterson, mwana wa zaka 12. Chithunzi chija chimene Sam Nzima anajambula, Mbuyisa Makhubo atanyamula mwanayo, mlongo wake akuthamanga pambali akulira, ndinali nditachiona kambirimbiri. Koma kuyenda kuchokera pamphambanopo kukafika panyumba ya chikumbutso, imene inatsegulidwa mu 2002, kuona mageti a sukulu ndi kufupika kwa misewuyo, m'pamene ndinamvetsa kuti awa anali ana a anthu, ochokera m'nyumba zomwezi, atadya phala m'mawa umenewo. Bambo anavula chipewa osauzidwa ndi munthu.

Tchalitchi cha Regina Mundi ku Rockville komanso Kliptown, kumene anthu anavomereza Freedom Charter, chikalata cha mfundo za ufulu, pa 26 Juni 1955, n'kutali ndi Orlando West. Musawayendetse makolo pansi mpaka uko, woperekeza akukwezani takisi, ndipo iye amadziwa zizindikiro za zala zoimitsira yolondola. Ku Regina Mundi akuonetsani mabowo a zipolopolo kudenga ndi guwa la nsembe lothyoka pakona, za m'masiku amene apolisi ankathamangitsa ana mpaka m'nyumba ya Mulungu. Ngati makolo ndi Akatolika, konzani kuti Lamulungu likupezeni kumeneko, akamve kuimba kwake.

Ife tinapempha kuti atidutsitse pafupi ndi mahositelo akale, nyumba zazitali ngati makalasi zimene ankasungamo amuna okhaokha obwera kudzagwira ntchito, mabanja atasiya kumidzi. A ku migodi ankagona m'makomponi a pamigodi penipeni, koma moyo wake unali womwewo. Apa zinthu zinatembenuka, bambo ndi amene anasanduka mphunzitsi. Anamufotokozera mnyamata uja za Wenela ndi Theba, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito za kumigodi, za ndege imene inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo kuchokera kumigodi, ndi mmene Kamuzu analetsera kulemba anthu ntchito za kumigodi ngoziyo itachitika. Mnyamatayo anali asanamvepo. Anatulutsa foni n'kumalemba. Kenako bambo analoza milu yachikasu ya dothi la m'migodi imene imaoneka chakutali, n'kunena kuti mwina dothi lina pamenepo anafukula ndi achimwene awo.

Tsono za basi. Ulendo wanga woyamba ndinapita ndi kampani ina ya m'tauni, sinditchula dzina. Anatitsitsa pa zisakasa za malata ku Kliptown, anzanga a m'basimo n'kuyamba kujambula ana, kujambula zimbudzi, wina mpaka kulowetsa kamera pakhomo pomwe mayi wina ankachapa. Palibe amene anapereka moni. Ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa m'maganizo ndinaona mayi anga ali pampope ku Mbayani, anthu achilendo akuwajambula ngati nyama za ku Liwonde. Mpaka lero zimandiwawa. N'chifukwa chake ndikuti posankha woperekeza mufunseni kumene amakhala, ndiponso ngati akulowetsani m'makomo a anthu, eni makomowo amapindula chiyani. Wabwino sakwiya ndi funso limeneli. Wathu uja ankapereka moni pakhomo lililonse, ankadziwa agogo a m'menemo ndi maina awo, ndipo penapake anatiuza kuti apa foni ikhale m'thumba, pali maliro. Njira yosavuta n'kupempha mwini gesitihausi kuti akupezereni, chifukwa sangakupatseni munthu womuchititsa manyazi. Ndalama yake mupereke m'manja mwake, ndipo akakusangalatsani muwonjezerepo kangachepe.

Za chitetezo sindikunamizani. Amene akukuchenjezaniwo sakupeka. Tonse tikukumbukira 2008, pamene ziwawa zodana ndi obwera zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, ndipo gulu lodana ndi obwera la Operation Dudula linayambira ku Soweto komweko mu 2021. Kuba mafoni kuliponso, ngati ku Hillbrow kapena kudepoti ya ku Lilongwe. Chimene ndinachita ine n'kulankhula ndi mayi a gesitihausi pa WhatsApp kutatsala masiku atatu, kuwauza poyera kuti ndife Amalawi, n'kuwafunsa mmene kulili sabata imeneyo. Iwo amadziwa ngati kukukonzedwa zionetsero. Mapasipoti a makolo akhale nawo pathupi, usiku musayende pansi, mukafuna kupita kwina itanani Uber kapena Bolt ifike pageti. Ndipo aphunzitseni makolo mawu awiri okha a moni, “Sanibonani” ndi “Dumelang”. M'masiku athu awiriwo palibe amene anatinena chipongwe, koma sindikulonjeza kuti tsiku lililonse n'chimodzimodzi, ndiye muzimvera eni dera.

Disembala malo amadzaza msanga, bukitsani panopa. Funsani ngati ali ndi sola kapena jenereta magetsi akazima, komanso ngati chipinda cha makolo chili chapansi chokhala ndi bafa lake. Yambani kuyenda m'mawa, chifukwa Joni ili pamtunda, dzuwa lake limabaya, ndipo masana nthawi imeneyi kumakonda kugwa mvula yamabingu. Maola atatu akwana kwa achikulire. Botolo la madzi, chipewa, mankhwala a BP ngati amamwa. Pa nkhomaliro muwagulire shisa nyama (nyama yootcha) ndi chakalaka (ndiwo zamasamba za tsabola), kota (buledi woikamo tchipisi ndi soseji) musiyire ana, ili ndi mafuta ambiri. Nsima ya kuno, imene amati papa, bambo anga anaidya mwaulemu chabe, ndiye usiku wachiwiri ndinapempha kukhitchini, mayi aja anandipatsa poto ndi mthiko, ndinaphika nsima iwo ataima pambali akuonerera mmene timavundulira.

Musapite chimanjamanja. Auzeni mayi anyamule kampunga ka kilombero, tiyi wa ku Thyolo kapena chitenje chimodzi cha mwini nyumba. Ife tinasiya chitenje, ndipo tsiku lonyamuka mayi aja anatiperekeza mpaka pamsewu atachivala, akukokera chikwama cha bambo. Mukafuna nambala yawo ndilembereni ku inibokosi, ndiyamba ndawapempha kaye.