Kodi "shuga" tinamutenga kwa ndani?

Funso: Mnzanga amene anakhalapo ku Tanzania akuti mawu oti shuga tinabwereka ku Chiswahili. Ine ndikuti ndi Chingerezi. Wolondola ndani? (Mayi wina wa ku Chikwawa)

Yankho: Mayi, olondola ndinu, ndipo umboni uli m'katchulidwe. Aswahili amati sukari. Tikanatenga kwa iwo, bwenzi tikuti sukali. Ife timayamba ndi "sh" ndipo kumapeto kulibe "r", ndendende mmene Mngerezi wa ku Britain amatchulira sugar.

Komabe mnzanuyo musamuseke, pakuti sukari ndi sugar ndi pachibale. Kholo lawo lili ku India, kumene anthu anayamba kalekale kuphika madzi a nzimbe mpaka kuuma. M'chiyankhulo chakale cha kumeneko, Sanskrit, ankati sharkara, mawu amene poyamba ankatanthauza timiyala kapena mchenga wokhakhala. Tapani shuga wabulauni m'manja, mumvetsa chifukwa chake. Anthu a ku Persia anawalandira n'kumati shakar, Aarabu n'kumati sukkar.

Apa m'pamene njira zinapatukana. Aswahili anatenga kwa Aarabu mwachindunji, pa malonda a m'mbali mwa nyanja ya mchere. Kwinaku Aarabu omwewo anafalitsa ulimi wa nzimbe mpaka ku Sicily ndi ku Spain. Ataliyana anati zucchero, Afalansa sucre, ndipo Chingerezi chinatola kwa Afalansa cha m'ma 1300. Apwitikizi anameza ndi kamawu ka Chiarabu kotsogolera dzina koti "al" komwe, n'chifukwa chake m'masitolo a ku Tete mumawerenga açúcar.

Chimene chimandikondweretsa n'chakuti nzimbe tili ndi dzina lake lathulathu, koma chimene chimatuluka m'fakitale ku Nchalo ndi ku Dwangwa tinachita kubwerekera dzina. Makolo ankatafuna nzimbe; wothira mu tiyi anabwera mochedwa, ndi dzina lake lomwe.

Ena amati mawu otere tiziwapewa polemba. Sindigwirizana nawo. Shuga analowa kale m'gulu la maina ngati galu ndi fodya: timati shuga wakwera mtengo, osati yakwera. Tinamupatsanso ntchito ina, pakuti munthu akati "ndili ndi shuga" aliyense amadziwa kuti akunena matenda. Agogo ena amati suga, poti "sh" sanali wozolowereka m'Chichewa chakale. Musawakonze, koma inu polemba lembani shuga.