Alamu apeza ntchito ku Singapore, nanga banja likakhale mbali iti ya mlatho?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena akwathu omwe anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Malaysia, akukhala ku Ipoh ndi mwana wawo wa zaka zitatu. Nkhani yawo mwachidule ndi iyi: bambo akunyumba apeza ntchito pa fakitale ina ku Singapore, malipiro ake ukasintha kukhala ma ringgit, ndalama ya ku Malaysia, akuposa katatu zomwe akulandira pano, nde funso ndi loti asamukire onse ku Singapore komweko kapena akakhale ku Johor Bahru, mzinda wa ku Malaysia womwe uli tsidya lina la mlatho wolowera ku Singapore, bambowo aziwoloka boda tsiku ndi tsiku ngati mmene anzawo akuchitira.

Achemwali zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya m'banja mwanu. Ine ndinakhala ku Skudai kufupi ndi Johor Bahru nthawi ya sukulu, ndipo ma neba anga ambiri moyo wawo unali umenewu, nde ndikuyankhani zomwe ndinaona ndi maso.

Choyamba musanayambe n'kumanga katundu komwe, afunseni alamu kuti chiphaso chawo chogwirira ntchito ku Singapore ndi cha mtundu wanji. Zalembedwa pa kalata ija amati IPA, yovomereza chiphasocho, yomwe imachokera ku Ministry of Manpower, unduna wa zantchito wa ku Singapore. Mitundu ya ziphaso yodziwika ndi itatu, Work Permit, S Pass ndi Employment Pass. Ngati ndi Work Permit nkhani yosamukira ku Singapore yathera pompo, chifukwa chiphaso chimenecho sichilola kutenga mkazi kapena mwana. Ngakhale S Pass kapena Employment Pass, kuti inu ndi mwana mupatsidwe Dependant's Pass, chiphaso chokhalira nawo kumeneko ngati banja, malipiro awo akuyenera kufika madola 6,000 a ku Singapore pamwezi, ndipo ntchito zambiri za m'fakitale sizifika pamenepo. Komanso lendi kumeneko ndi yoopsa, chipinda chimodzi chokha mu ma flat a boma aja amati HDB, bafa logawana ndi eni nyumba, chimatha kudya ndalama yoti ku Johor mutha kupeza nayo nyumba yonse.

Ndiye mwachidziwikire mukalowera ku Johor Bahru, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo pang'ono.

Pa mapu zimaoneka zophweka. Mlatho wa Causeway womwe unatsegulidwa mu 1924 ndi wa kilomita imodzi basi, ukaima ku Johor nyumba za ku Woodlands, mbali ya Singapore, umaziona bwinobwino. Koma kamlatho kameneka pamadutsa anthu oposa 300,000 pa tsiku, ndipo aliyense akuyenera kudutsa ma imigireshoni awiri popita, awiri pobwera. Neba wanga woyandikana naye khomo ankaliza njinga yamoto nthawi ya 4:30 m'bandakucha kuti akafike pa ntchito 7 koloko. Mkazi wake ankatuluka ndi kontena ya mpunga n'kumuikira mu bokosi la kumbuyo kwa njinga, osayatsa getsi la pabalaza kuopa kudzutsa ana. Usiku cha m'ma 9 ndinkangoona jasi lake la mvula lapachikidwa pa geti likudontha, ndikadziwa kuti wafika. Ana ake anali atagona kale. Tsiku lina mwana wake wamng'ono anandiuza kuti adadi amabwera Lamlungu, chonsecho bambowo amagona m'nyumba momwemo usiku uliwonse. Mawu amenewo sindinawaiwale mpaka lero.

Osakwera njinga amakwera basi, ma Causeway Link achikasu aja kapena basi nambala 170, umatsika pa Bangunan Sultan Iskandar, imigireshoni ya mbali ya Johor, kudinditsa, kukweranso, kutsikanso pa Woodlands, kukweranso mpaka Kranji kukagwira MRT, sitima ya mumzinda wa Singapore, ndipo anthu sayenda wamba pa ma sitepe amenewo, amachita kuthamanga zikwama zili kumsana. Pali sitima ya Shuttle Tebrau yomwe imawoloka mphindi 5 zokha koma matikiti a m'mawa amatha msanga kwambiri. Lachisanu madzulo, kapena kukayandikira zikondwerero za Hari Raya (Eid) ndi Chinese New Year, mzere wake umatha kudya maola awiri atatu. Ngati fakitale ya alamu ili mbali ya Tuas, kumadzulo kwa Singapore, ndi bwino mufune nyumba cha ku Gelang Patah kapena Bukit Indah kuti azidzera mlatho wachiwiri uja wa Second Link, womwe unatsegulidwa mu 1998. Sitima yatsopano ya RTS Link yochokera Bukit Chagar kufika Woodlands North ikuyembekezeka kuyamba cha kumapeto kwa 2026, yoti izinyamula anthu 10,000 pa ola mbali iliyonse, imeneyo ithandiza ndithu koma dziwani kuti nyumba zoyandikira siteshoni zikukwereratu mtengo.

Ife a ku Malawi nkhani yokagwira ntchito dziko lina sitiimva kwa wina, agogo athu anapita ku Wenela ndi Theba, abale athu ali ku Joni pano. Kusiyana kwake n'koti wa ku Joni aliyense amadziwa kuti kulibe, pomwe wa ku Causeway amaoneka ngati alipo. Inu muzidzati mwamuna wanga amagona pakhomo, koma wopita ndi mwana ku kiliniki ndinu, wothamanga mpopi ukaphulika ndinu, ndipo ku Johor mulibe apongozi ngati ku Ipoh, mulibenso mayi anu. Izi mukambirane poyera musananyamuke, zisadzakudzidzimutseni.

China chomwe ambiri amachiiwala ndalama zikayamba kulowa ndi penshoni. Ku Malaysia bwana amakuikira ndalama ku thumba la penshoni la EPF mwezi ndi mwezi, ena amati KWSP. Ku Singapore thumba lawo la CPF ndi la nzika ndi ma PR okha, kutanthauza alendo omwe anapatsidwa chilolezo chokhazikika m'dzikomo, munthu wa chiphaso cha ntchito saikiridwa kalikonse. Nde malipiro amaoneka onona chifukwa palibe chodulidwa cha ukalamba. EPF imalola munthu kudziikira yekha, alamu ayambe mwezi woyamba womwewo, galimoto idikire kaye. Chiphasonso chimamangika pa bwana yemwe wakulembayo, ntchito ikatha nacho chimathetsedwa. Ndipo boda imatsekeka achemwali. Pa 18 March 2020 Malaysia itatseka malire chifukwa cha Covid, anthu anawoloka usiku ndi masutikesi kuti asataye ntchito, ena anagona panja pa siteshoni ya Kranji, ndipo mlatho unadzatsegulidwa kwathunthu pa 1 April 2022. Mabanja ambiri anatha pafupifupi zaka ziwiri akungoonana pa foni, madzi a kilomita imodzi ali pakati.

Za PR anthu adzakuuzani kuti alembetse msanga. Zili ndi ubwino wake, koma ngati mwana wanu ndi wamwamuna ndipo naye walowa pa PR ya bambo ake, akadzakula akuyenera kukachita National Service ya ku Singapore, ntchito yokakamiza yotumikira dziko monga ku usilikali. Muganize mofatsa pamenepo.

Maganizo anga ndi oti ntchitoyo aitenge, sindingakunamizeni kuti ndalama yoteroyo ndi yochepa kwa banja lomwe likuyamba kumene. Koma musasamuke onse tsiku limodzi. Apite okha kaye miyezi itatu ya probation, apeze kachipinda, ayese njira ya m'mawa ndi thupi lawo, aone ngati mashifiti ake akulola. Zikakhazikika mutsatire, mupeze nyumba yoyandikira boda ngakhale ikhale yaing'ono yodulirapo, chifukwa theka la ola lomwe angapulumutse pa msewu ndi lomwe angapeze mwana ali maso. Mugwirizanenso zaka zomwe achite zimenezi ndi chomwe mukusungira, kaya ndi nyumba ku Ipoh kaya fizi ya mwana, muzilembe penapake. Pasi yanu ya ukwati ya ku Malaysia muonetsetse kuti siikutha nthawi yosamukayo.

Mukaona zomwe zalembedwa pa IPA mundilemberenso, mundiuzenso dera lomwe kuli fakitaleyo kuti tione limodzi malo oyenera kufunako nyumba. Moni kwa alamu ndi kamwanako.