Wacky Wheels ikukana kutseguka pa Windows 10: vuto si mafayilo anu

Bambo wina watilembera pa imelo kuti wapeza CD yakale yokhala ndi masewera a mpikisano wa nyama zoyendetsa timagalimoto, zomagendana ndi akanungu. Akufuna kuti mwana wawo wa zaka 6 azisewera, koma laputopu ya Windows 10 ikukana kuwatsegula. Akufunsa ngati mafayilo anawonongeka.

Bambo, musataye CD imeneyo. Masewerawo ndi Wacky Wheels, opangidwa ndi Beavis Soft, ndipo Apogee Software inawatulutsa mu 1994. Muli nyama 8, kuphatikizapo njovu, ngamila, panda ndi shaki, ndipo timagalimoto take kwenikweni ndi makina otchetchera kapinga. Anapangidwira MS-DOS (DOS mwachidule), pulogalamu yakale yoyendetsera makompyuta, pomwe Windows ya 64-bit, yomwe ili pa malaputopu ambiri a Windows 10, siyendetsa n'komwe mapulogalamu a DOS. Mukufunika DOSBox, pulogalamu yaulere yomwe imadzisandutsa kompyuta ya nthawi imeneyo.

Ikani DOSBox 0.74-3. Pa C: pangani foda yotchedwa DOS, mkati mwake mukopere masewerawo mu foda ya WACKY. Mayina akhale afupi, osapyola zilembo 8 komanso opanda mpata, chifukwa DOS imadula mayina aatali. Mukatsegula DOSBox lembani izi, mzere uliwonse mukumaliza ndi Enter:

mount c c:\dos
c:
cd wacky
setup

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezera. Pa zomveka sankhani Sound Blaster, address 220, IRQ 7, DMA 1, chifukwa ndi manambala omwe DOSBox imabwera nawo. Makadi ambiri akale otulutsa zomveka pa kompyuta ankakhala pa IRQ 5, ndiye munthu wozolowera amasankha 5 mosaganiza. Zikatero nyimbo zimatha kumveka bwinobwino, koma phokoso la kugundana ndi kugendana kuli zii, kapena masewera amangouma. Sungani zomwe mwasankha, kenako lembani ww kuti mpikisano uyambe.

Chithunzi chikamadukizadukiza, ndiye kuti DOSBox ikuyenda pang'onopang'ono. Ctrl+F12 imawonjezera liwiro, Ctrl+F11 imachepetsa, ndipo nambala ya cycles, yosonyeza liwirolo, imaoneka pamwamba pa windo. Pa malaputopu ambiri muyenera kugwiranso Fn, apo ayi batanilo lingochita ntchito ina, monga kusintha voliyumu. Alt+Enter imadzadzitsa sikirini yonse. Koma chenjerani ndi Ctrl+F9: imatseka DOSBox nthawi yomweyo osafunsa, ndipo tizala ta ana sitichedwa kuipeza.

Mwana wa zaka 6 sangamalembe mizere ija tsiku ndi tsiku. Pa Start tsegulani DOSBox 0.74-3 Options, pitani pansi penipeni pomwe palembedwa [autoexec], mulembe mizere itatu yoyamba ija, kenako ww, pomaliza exit. Akangodina chizindikiro cha DOSBox masewera ayamba okha, akatuluka windo itseka yokha. Mumuyambitse pa Kid Mode ndi injini ya 6 hp. Ya 12 hp imathamanga kwambiri moti azingothera m'madzi pa kona iliyonse.

Mukafuna kupikisana naye, sikirini imagawika pawiri, koma makiyibodi otchipa salandira mabatani ambiri odinidwa nthawi imodzi, choncho galimoto ya mmodzi imakana kukhota. Lumikizani gamepad (chipangizo cha m'manja chosewerera) ya USB musanatsegule DOSBox, chifukwa mukailumikiza itatseguka kale siiona.