Yabereka ndi mbewu kapena ndi chulu?

Bambo wina wa ku Epworth, pafupi ndi Harare, wandifunsa motere: "Alangizi, chaka chatha ndinagawa munda pawiri. Kumtunda ndinabzala mbewu yatsopano ya chimanga, kumunsi yomwe ndakhala ndikubzala zaka zonsezi. Yatsopano yandipatsa matumba 7, yakale 5. Kodi yakaleyi ndiisiye?"

Bambo, musafulumire. Munda wanuwo ndinaufika. Kumtunda kuja kuli chulu, pomwe kumunsi ndi mchenga, ndipo madzi amadikha mu Januwale mpaka masamba kuchita chikasu. Chimanga chilichonse chikanakondwa kumtundako. Matumba awiri oonjezerawo angakhale a mbewu, angakhalenso a chulu, ndipo ndi kabzalidwe kameneko palibe munthu angakuuzeni kuti ndi a chiti.

Vuto lomweli ndi limene katswiri wa masamu Ronald Fisher analimbana nalo atayamba ntchito pa malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku England mu 1919. Njira zake ndi zomwe akatswiri a ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant ndi a ku CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu, pa msewu wa ku Mazowe amatsatirabe poyesa mbewu. Wofufuza amayamba ndi kukana. Amati mbewu ziwirizi n'zofanana, kusiyana komwe kwaoneka kwangochitika mwangozi. Kenako amawerengera kuti, zikanakhaladi zofanana, kusiyana kwakukulu chonchi kukanamatuluka kangati. Kukakhala kosafika kamodzi pa maulendo 20, m'pamene amavomera kuti mbewuzo zikusiyanadi. Ndi zimene amatanthauza akalemba kuti p ndi yochepera 0.05.

Inunso mungathe, popanda kompyuta. Dulani ndime 12 zofanana kukula, muziike ziwiriziwiri moyandikana, kuti zikhale magulu 6: gulu lina pachulu, lina pamchenga, lina kumunsi konyowa kuja. Pa gulu lililonse ponyani ndalama yachitsulo kuti isankhe ndime yolandira mbewu yatsopano. Apa ndipo ndimalimbikira kwambiri, chifukwa dzanja la mlimi limakondera. Mbewu yomwe waigula modula amaipatsa malo abwino iye osazindikira. Bzalani tsiku limodzi, feteleza wofanana, kupalira tsiku limodzi. Pokolola siyani mizere ya m'mphepete, tonolani ndime iliyonse payokha, chiume bwino, muyeze pa sikelo osati ndi maso.

Tsono werengani. Mbewuzo zikakhala zofanana, gulu lililonse lili ngati kuponya ndalama ija. Kuti yatsopano ipambane magulu onse 6 mwangozi chabe zimachitika kamodzi pa maulendo 64. Pamenepo mungaikhulupirire. Koma kupambana magulu 4 kapena kuposerapo kumachitika mwangozi pafupifupi kamodzi pa maulendo atatu, choncho ikapambana 4 yokha simunaone kanthu.

Mayi wina wa ku Dzivarasekwa anabwera ndi pepala la zotsatira za kafukufuku wa mbewu. Funso lawo linali lakuti: "Pansipa alemba LSD, pena alemba ns. Ndiye kuti chiyani?"

Mayi, LSD ndi muyeso wa kusiyana kochepetsetsa komwe ofufuzawo angakuikire umboni. Tinene kuti LSD ndi theka la tani pa hekitala. Mbewu ziwiri zikasiyana mosafika pamenepo, musanene kuti ina yaposa inzake, ngakhale dzina lake lili pamwamba pa mndandanda. Pomwe alemba ns akunena kuti umboni wa kusiyana sunakwane. Sakunena kuti mbewuzo n'zofanana ayi. Mwina ndime zinachepa, mwina mvula ya chaka chimenecho inasokoneza.

Ndiwonjezepo chimene pepalalo silinena. Kusiyana kungathe kukhala kotsimikizika koma kochepa moti sikubweza ndalama zomwe mwaonjezera pogula mbewuyo. Muonenso komwe anayesera. Zotsatira za pa dothi lofiira la kumpoto kwa Harare, pomwe anathira feteleza wokwanira, sizilonjeza zomwezo pa mchenga wopanda manyowa.

Bambo a ku Epworth, mbewu yakale ija muisungebe. Yesani magulu 6 aja chaka chino ndi chamawa, popeza mvula ya chaka chimodzi nayonso imakondera. Tsiku loyeza mundiitane, sikelo ndibwera nayo.